Amene mukumusekayo apitabe, koma apita mobisa

Abale athu a geni, ndi inu madalaivala amene mukuwerenga izi muli pamzere pa boda, lero tiyambane pang'ono. Pali khalidwe limene lakula pakati pathu, ndipo tikaliona timangolipitirira ngati si kanthu: kulandira munthu watsopano ndi chiseko.

Momwe zimakhalira mukudziwa. Mtsikana wasunga tindalama take chaka chonse, mwina agawana ku banki mkhonde, mwina wagulitsa mbuzi. Akufunsa mwaulemu wake kuti ndili ndi mpamba wakutiwakuti, ndikufuna ndizikaoda nsapato ku Dar, ndiyambire pati? Wina amuyankha kuti imeneyo ndi ya thiransipoti yokha, kagoneni. Wina kuti kazingani mandasi mayi, geni ya kunja si ya ana. Wina kuti masiku ano aliyense akufuna ubwana. Mnyamata amene wakhala zaka zambiri akuyendetsa thiraki ya eni akangotchula zoti akufuna kugula hosi yakeyake, anzake omwe amadya nawo nsima pa Nyamapanda ndi amene amayamba kumuwerengera masiku oti adzabwerere kudzapempha ntchito. Ukawafunsa osekawo amati ife timangonena chilungamo, wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwambiwo ndi woona, koma mukuubera. Mnansi akakutsina khutu amakuuza chimene wakutsinira: apo pali dzenje, lambalala uku. Inu mwatsina khutu, mwaseka, mwachoka. Dzenje simunalitchule. Munthuyo watsala ndi khutu lopweteka, njira sakuidziwabe.

Tikuuzeni chimene ife taona pa zaka zomwe tayenda misewu imeneyi. Chiseko sichinaletsepo munthu ulendo. Munthu amene wafika pogulitsa mbuzi, mtima wake unakwera kale basi. Chimene chimasintha akasekedwa ndi chimodzi chokha: amasiya kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma uyu anafunsa, ndife tamutseka pakamwa. Ndipo akatseka pakamwa kwa ife amakatsegula kwa wina. Winayo sachedwa. Amamupeza pafoni tsiku lomwelo ndi mawu ozuna: achemwali musadandaule, anthu aja ndi ansanje, ine ndili ndi munthu wanga ku Kariakoo, ingotumizani ndalama katundu akupezani pakhomo. Kapena: pasipoti siyofunika, pa Beitbridge timadziwana nawo onse. Wakuba ali ndi ulemu kuposa ife, n'chifukwa chake sasowa makasitomala. Ife odziwa njira tikuseka, wofuna kumudyera akumutcha achemwali. Inu mukuganiza kuti amvera ndani?

Ndiye tikamva kuti wina anatsitsidwa usiku n'kuwoloka Limpopo wapansi, kumene magumaguma amadikirira anthu, timapukusa mitu kuti anthu enawa samva. Samva chiyani? Anauzidwa liti? Ndani mwa ife anakhala naye pansi n'kumuuza kuti kuchoka ku Blantyre kukafika ku Joni ndi maboda atatu, ndipo boda iliyonse ili ndi mbali ziwiri: Mwanza ndi Zobue, Cuchamano ndi Nyamapanda, kenako Beitbridge ya Zimbabwe ndi ya South Africa, zidindo zisanu ndi chimodzi popita, zinanso pobwera? Ndani anamuuza kuti pasipoti ya Malawi imapatsidwa masiku osapitirira 30 ku South Africa, ndipo kuyambira 2014 ukapitiriza masiku amakuletsa kulowanso, chaka chimodzi ngati wapitiriza pang'ono, zaka zisanu ngati wapitiriza masiku oposa 30? Zimenezi si zinsinsi. Kuzilemba sikutha mphindi ziwiri. Koma kuseka n'kosavuta kuposa kulemba.

Ngati mukuganiza kuti pakamwa panu pangaimitse munthu, kumbukirani za azigogo athu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana, inapha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi ochokera ku migodi. Kamuzu analetsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Boma lathunthu, la Kamuzu amene aliyense ankamuopa, linati basi. Kodi ulendo wa ku Joni unatha? Anthu ankayenda selufu Wenela asanabwere, anayendabe Wenela ndi Teba atatseka, akuyendabe lero. Pa Blantyre dzina la Wenela linatsalira pamalo okwerera basi, ndipo mabasi ake akudzazabe. Chimene boma linalephera, inu ndi kachiseko kanu simungachithe. Funso si lakuti apite kapena asapite. Ameneyo anasankha kale. Chatsala kwa ife n'chakuti apite akudziwa kapena apite ali mumdima.

Tibwere kwa amene anapita n'kugwa, chifukwa apa m'pamene nkhanza zathu zimaonekera bwino. Munthu akangobwerako chimanjamanja, mawu oyamba ndi akuti tinkanena ife. Munkanena chiyani? Tiyeni tiwerenge. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dola ku banki inachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiyerekeze mayi amene anaoda katundu wa madola 1,000, n'kumupereka pangongole kwa aphunzitsi ndi anamwino kuti adzalipire mwezi ukatha. Tisiye phindu pambali, tione mpamba wokha: K1,180,000. Mwezi watha, onse alipira mokhulupirika, palibe wamubera. Koma ndalama yomweyo tsopano ikugula madola 694. Madola 300 ndi kanthu apita iye ali m'tulo. Ndipo apa tikunena mtengo wa ku banki, pomwe tonse tikudziwa kuti wa geni yaing'ono dola saipeza ku banki. Mayi ameneyu analakwitsa pati? Inu amene munkanena, munanena kuti tsiku lakuti kwacha igwa? Chaka cha 2022 mu Meyi inali itagwa kale ndi 25 peresenti. Amene anapulumuka ulendo woyamba ena anagwa pa wachiwiri.

Onjezerani zina. Mu 2020 maboda anatsekedwa chifukwa cha Covid, mathiraki okha ndiwo ankadutsa, ndipo a geni zing'onozing'ono anakhala pakhomo miyezi yambiri akudya mpamba. Mu Seputembala 2019 masitolo a anthu obwera anaphwanyidwa ku Johannesburg, mathiraki anatenthedwa. Mu Julayi 2021 mathiraki enanso anapsa pamsewu wa N3 wochokera ku Durban. Kumapeto kwa 2024, chisankho cha ku Mozambique chitatha, misewu inatsekedwa ndi ziwonetsero, madalaivala a ku Beira mukukumbukira. Mu Epulo 2025 Tanzania inatseka njira ya zokolola kwa masiku angapo pokangana ndi Malawi pa zamalonda, ndipo amene anali ndi nthochi kapena tomato pa Songwe sakanatha kuuza katundu wake kuti adikire maboma agwirizane. Pa zonsezi palibe chimene wa geni anachisankha. Ife amene tidakalipo, tinene zoona, ambiri tidakalipo chifukwa tsiku loipalo linatipeza katundu ali m'manja osati ndalama, kapena tili mbali yabwino ya boda. Kumeneko si kuchenjera. Ndiye osamayenda modzikweza pamaso pa amene linamupeza mbali inayo.

Sitikunena kuti aliyense wogwa ndi wosalakwa. Alipo amene anadya mpamba ku bala, alipo amene ulendo woyamba wokha anagula foni yodula kuposa katundu yemwe anabweretsa. Amenewo awuzeni. Koma muwauze poyang'anana, osati pomuimba nyimbo kumsika.

Mtengo wa mawu akuti tinkanena ife timauona kutsidya. Madalaivala mumakumana nawo anthu amenewa ku Musina, ku Park Station, ku Kasumbalesa, ku Tunduma. Munthu geni inamuthera, masiku anapitirira, akugona anthu asanu m'chipinda chimodzi, akudwala. Ukamufunsa kuti bwanji osabwerera kumudzi, sanena za thiransipoti. Thiransipoti abale akhoza kusonkha. Amati ndikafika ndi chiyani, anthu akandiona bwanji. Akuopa pakamwa pathu kuposa apolisi ndi Lindela. Kale anthu otere ankatchedwa matchona, ndipo tinkaganiza kuti anaiwala kwawo chifukwa cha zokoma za m'tauni. Ena inde. Koma ena anatchona chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo anapangidwa ndi achibale awo omwe. Kenako tikumana pa gulu kusonkha ndalama zobweretsera maliro, zochuluka kuposa zimene zikanamubweretsa wamoyo.

Nanga akapambana, osekawo amakhala chete? Ayi ndithu. Nyimbo imangosintha. Wakhwimira. Ndi za satanic. Akunyamula chamba. Akakhala mayi, ndipo ambiri mwa ife pa maboda ndi amayi, mlandu wake umadziwika: amagona ndi madalaivala, amagona ndi a kasitomu. Mayi wakhala masiku awiri pampando wa basi, miyendo yotupa, wagona pa katundu wake kuopa akuba, wakangana ndi ajenti mpaka mawu kusasa, wafika kunyumba kudzalipira fizi ya ana, malipiro ake n'kutchedwa hule ndi anthu amene madzulo ake adzabwera kudzabwereka ndalama ya ndiwo. Mabanja ena anatha chifukwa cha miseche yotere. Inunso madalaivala dzina lanu limaipa m'nkhani yomweyo. Ndiye onani bwino: akagwa ndi chitsiru, akadzuka ndi mfiti. Munthu amene mayankho ake onse awiri ndi okonzeka kale sakukulangiza. Vuto lake ndi lakuti unayesa.

Tinene ndi chimene sitifuna kunena. Wa kumudzi amene sanafikepo pa boda akaseka, timamumvetsa, sakudziwa. Koma wa geni mnzathu akaseka watsopano, nthawi zambiri si chifundo ayi. Akuteteza benchi lake. Akuopa kuti akatchula sitolo yomwe amaodako, mawa pamsika padzakhala anthu awiri ogulitsa nsapato zofanana. Mantha amenewo ndi omveka, msika ndi wochepa ndipo ogula ndi omwewo. Palibe akukukakamizani kupereka nambala ya amene mumaodako. Imeneyo ndi yanu, munaivutikira. Koma kubisa sitolo ndi kwina, kubisa dzenje ndi kwina. Mukhoza kusunga chinsinsi cha sitolo yanu n'kumuuzabe mnzanu kuti osasintha ndalama zonse kwa anyamata a pa boda usanawerenge kawiri, kuti risiti ya katundu aliyense uisunge, kuti katundu wosalembetsa akagwidwa chindapusa chimadya phindu ndi mpamba womwe. Ndipo tonse tinayamba chifukwa wina anatigwira dzanja: azakhali, mlamu, mayi wina wa pabasi amene anationa tikunjenjemera ndi fomu pa kauntala n'kutiuza polemba. Palibe anabadwira pa Mwanza.

Tsopano inu amene mukuwomba m'manja powerenga izi, dikirani, nanunso tili nanu mawu. Pali gulu lina limene limaoneka lachikondi koma limaponya anthu m'dzenje lomwelo. Ndi aja oti munthu akangofunsa amati pitani basi, Mulungu ali nanu, osamvera ansanje, olemera onse anayamba choncho. Amakonda kutchula Strive Masiyiwa, kuti analimbana ndi boma la Zimbabwe m'makhoti pafupifupi zaka zisanu mpaka Econet inayamba mu 1998. N'zoona. Koma satchula kuti bamboyo anali injiniya wophunzira bwino, anali kale ndi kampani ina, ndipo anali ndi maloya. Sanakwere basi ndi ndalama ya katapila. Kulimbikitsa kopanda masamu n'kotchipa chimodzimodzi ndi kuseka: onse awiri sataya kanthu, onse awiri tsiku la mavuto foni yawo siipezeka. Kusiyana kwake n'kwakuti woseka umamudziwa kuti si mnzako, pomwe uyu umamuthokoza akukukankha.

Kudzudzula kwenikweni kulipo, ndipo ife timakufuna. Kumadziwika ndi zinthu ziwiri: kumabwera basi isananyamuke, ndipo kumabwera ndi manambala. Wofuna kupita ku Dar uja, m'malo momuuza kuti kagoneni, mufunseni. Pa mpamba wanuwo, thiransipoti yopita ndi kubwera kudzera ku Karonga, Songwe, Kasumulu ndi Mbeya ichotsapo zingati? Malo ogona ku Dar, chakudya, onyamula katundu, kulipira katundu pabasi, msonkho pa boda? Zikatsala zingati zogulira nsapato? Pa peyala iliyonse mupindula zingati, ndipo muyenera kugulitsa mapeyala angati kuti ndalama ya ulendo yokha ibwerere? Akawerenga yekha n'kuona kuti theka la mpamba likuthera panjira, simufunikanso kumuletsa. Aona yekha. Ndipo pamenepo mumuonetse khomo lina: aphatikize ndalama ndi anzake awiri kapena atatu, apite mmodzi. Kapena ayambe waoda kwa amene abwera kale, adziwe kaye saizi ndi mitundu imene imayenda pamsika wake, adzapite mpamba utakula. Kapena ayambire pafupi. Wa ku Mchinji ndi wa ku Chipata ali ndi boda ya Mwami pakhomo, kumene kuli ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, ija amati STR, yomwe inayamba mu 2010: fomu yachidule, ndi desiki ya wothandiza a geni pa boda pomwepo. Koma mumuuzenso malire ake, kuti imagwira pa katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko athu amene ali pamndandanda wogwirizana, osati katundu wa ku China wogulidwa ku Kamwala, komanso kuti Tanzania, Mozambique ndi South Africa sali mu COMESA. Yankho lotere likhoza kumuwawa kuposa chiseko, chifukwa likumuuza kuti chaka chino sapita. Koma adzabweranso kudzafunsa kachiwiri, ndipo wa mawu ozuna uja sadzamupeza.

Chimodzimodzi dalaivala wofuna hosi yake. Amene munayesapo mukudziwa kuti kugula galimoto ndiye gawo lophweka. Muuzeni za matayala, kuti seti imodzi ikhoza kudya phindu la maulendo angapo. Muuzeni za ndalama za misewu ndi mapepala a dziko lililonse, za inshuwalansi, za masiku oima pa Kasumbalesa galimoto isakupanga kanthu pomwe ngongole ikuwerenga. Muuzeni kuti eni katundu ambiri salipira tsiku lotsitsa, amalipira patapita milungu, pomwe dizilo amafuna ndalama lero. Mufunseni ngati ali ndi katundu wobwerera, chifukwa thiraki yobwera yopanda kanthu kuchokera ku Beira kapena ku Dar imadya mwini wake. Mufunseni ngati ali ndi ndalama yapadera yoti giyabokosi ikafa ku Tete asagulitse nyumba. Akayankha zonsezi n'kunenabe kuti ndigula, mugwireni chanza, mumupatse nambala ya makaniko wokhulupirika. Ndi munthu wamkulu, waona dzenje, wasankha kulumpha. Makampani ambiri a mathiraki amene mukuwagwirira ntchito lero anayamba ndi galimoto imodzi.

Pali malo amodzi pomwe ife timakweza mawu osanyengerera, ndipo pamenepo mutitche ansanje ngati mukufuna. Ndi pa ndalama imene munthu sangathe kuitaya. Katapila amawerenga mwezi, pomwe katundu wa kunja amafuna sabata ya ulendo, milungu yogulitsa, kenako kuthamangitsa angongole. Wotchi ya katapila imathamanga kuposa ya geni, ndipo imapambana nthawi zonse. Chimodzimodzi kupinyolitsa nyumba imene ana akugonamo, kapena kutenga fizi ya mwana wa Fomu 4 kuti ndibweza ndikabwerako. Woika pachiswe ndalama yake ndi wolimba mtima. Woika pachiswe denga la ana ake akutchova juga ndi chinthu chimene si chake yekha. Koma ngakhale pamenepa, onani, tatchula dzenje ndi chifukwa chake. Sitinamuuze kuti kagone.

Pomaliza tili ndi pempho kwa inu amene munagwa n'kukhala chete. Tikudziwa kuti mulipo ambiri, mumawerenga osalemba. Inu muli ndi chinthu chimene opambana alibe. Amene katundu wake analandidwa pa boda akudziwa pepala lenileni limene linasowa. Amene anaberedwa ndi ajenti wabodza akudziwa mawu amene anamukopa nawo. Amene hosi yake inalandidwa ndi angongole akudziwa mwezi umene masamu anayamba kukana. Maphunziro amenewo munawalipira ndi ndalama zambiri kuposa fizi ya sukulu iliyonse, ndipo akungoola m'mitima chifukwa mukuopa kusekedwa. Lembani. Simufunika kutchula dzina la munthu kapena la kampani, ingonenani boda yake, katundu wake, chimene chinachitika ndi chimene mukanachita mukanadziwa. Amene akuopa kuonekera atumize kwa mnzake womukhulupirira amulembere popanda dzina. Ndipo amene mwadutsa pa Songwe, pa Mwanza, pa Dedza, pa Chirundu kapena pa Kazungula sabata ino, tiuzeni mzere unali bwanji ndi mapepala amene akufunsa, chifukwa pali anthu akunyamuka Lachisanu.